Ulendo Wathu wa ku Chipululu cha Namib

Ambiri a ife tinaphunzira mawu akuti chipululu m'Baibulo tisanaone chipululu chenicheni. Tikamawerenga za Aisrayeli amene anayenda m'menemo zaka 40, m'maganizo mwathu mumabwera thengo la ku Changara m'mwezi wa Okutobala, udzu utapsa, milambe itayoyola masamba, mbuzi zikulimbirana mthunzi. Koma thengo la ku Changara limadikira mvula, ndipo ikagwa limaphukanso. Alipo malo ena mu Afrika momwe muno amene mvula ndi mlendo wosayembekezeka. Ena mwa malo otere ndi chipululu cha Namib, kumadzulo kwa dziko la Namibia, kumene tinapita pa galimoto pamodzi ndi abale ochepa. Tafuna tikugawireniko zimene maso athu anaona.

Kuchokera ku Tete kukafika ku nyanja ya Atlantic ndi mtunda woposa makilomita 2,500. Tinatulukira pa chipata cha Cassacatiza, n'kudzera ku Katete, Lusaka ndi Livingstone, ndipo tinalowa m'Namibia pa mlatho wa Katima Mulilo umene unatsegulidwa mu 2004. Pansi pa mlathowo pamadutsa Zambezi yemweyo amene timamuwoloka pa mlatho wa Samora Machel. Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse mitengo inkafupika, midzi inkatalikirana, ndipo mitsinje yambiri imene tinkawoloka inali ndi mayina ndi milatho koma yopanda madzi.

Tisanafike ku Otjiwarongo tinadutsa kufupi ndi phiri la Waterberg, ndipo sitingalembe za kukongola kwa dzikoli osatchula zimene zinachitika pamenepo. Mu 1904 asilikali a Germany anagonjetsa Aherero pa phirili, nawapirikitsira m'chipululu cha Omaheke chakum'mawa, n'kuwatsekera zitsime. Anthu zikwizikwi, amayi ndi ana omwe, anafa ndi ludzu. Boma la Germany linavomereza mu 2021 kuti kumeneku kunali kupulula mtundu wa anthu. Chipululu mwachokha sichidana ndi munthu. Amene anachisandutsa manda ndi mtima wa munthu mnzawo.

Titapitirira tawuni ya Usakos, tchire linatheratu. Kudzanja lamanja kunaoneka phiri la mwala wokhawokha la Spitzkoppe, ndipo kutsogolo kunali chigwa cha timiyala chopanda malekezero. Chodabwitsa n'chakuti pamene tinkayandikira nyanja, m'malo moti kutenthe, kunayamba kuzizira, ndipo tinalowa m'tawuni ya Swakopmund titavala majuzi, nkhungu ili tolo ngati m'mawa wa mwezi wa Juni ku Tsangano.

Chifukwa chake n'chotere. M'mphepete mwa gombe limeneli mumayenda madzi ozizira kwambiri ochokera kum'mwera, otchedwa Benguela. Madziwa amaziziritsa mpweya wapansi, motero sukwera kumwamba kukapanga mitambo ya mvula, koma umasanduka nkhungu imene mphepo imaikankhira kumtunda. Pa gombepo mvula ya chaka chathunthu kawirikawiri sifika mamilimita 20, pamene kwathu ku Angónia imapitirira mamilimita 800. Chipululuchi chatambalala makilomita pafupifupi 2,000, kuchokera kum'mwera kwa Angola mpaka ku South Africa. Pa msewu wopita ku Solitaire tinaima pa chikwangwani cholozera mzere wa Tropic of Capricorn. Mzere womwewo umadutsanso m'chigawo chathu cha Inhambane, kumene kuli minda ya kokonati ndi mitengo ya makoroso, chifukwa nyanja ya kumeneko ili ndi madzi ofunda. Dzuwa ndi limodzi, mzere ndi umodzi, koma kutentha ndi kuzizira kwa nyanja kwalekanitsa maiko awiriwa chonchi.

Tsono nkhungu ija ndiyo moyo wa chipululu. Kuli kachikumbu kakuda kamene m'mamawa kamakwera pamwamba pa mulu wa mchenga, n'kuzyolika mutu pansi msana kumphepo, mpaka timadontho titasonkhana pamsana pake ndi kutsetserekera kukamwa. Kulinso chomera chotchedwa Welwitschia, chimene Friedrich Welwitsch, katswiri wa zomera wa ku Austria wotumidwa ndi boma la Portugal, anachipeza kum'mwera kwa Angola mu 1859. Chomerachi chili ndi masamba awiri okha moyo wake wonse. Masambawo amangokulirakulira kuchokera patsinde, nsonga zake zikuuma ndi kung'ambika ndi mphepo, kotero kuti ukachiona patali umayesa mulu wa nsanza. Komatu zina mwa zomerazi zakhala ndi moyo zaka zoposa 1,000. Tinaima mochizungulira tili chete, tikuganiza kuti mwina chinali pomwepo mzinda wa miyala wa Great Zimbabwe usanamangidwe.

Kuchokera ku Walvis Bay kukafika ku Solitaire ndi makilomita pafupifupi 230 a msewu wafumbi, wopanda sitolo kapena malo omwetsera mafuta. Munthu sanyamuka wopanda zigubu za madzi ndi tayala lapadera. Panjirapo tinaona nthiwatiwa ndi nyama zonga mphalapala zotchedwa oryx, zitaima padzuwa popanda mthunzi. Tinatsikiranso m'chigwa cha mtsinje wa Kuiseb. Mtsinjewu umakhala wouma pafupifupi chaka chonse, koma madzi ochepa amene amasefukira nthawi zina amakokolola mchenga wogwera m'menemo, ndipo potero amaletsa mapiri a mchenga a kum'mwera kuwolokera kumpoto. Kumunsi kwa mtsinjewu kumakhala anthu a mtundu wa Topnaar, amene amaweta mbuzi ndi kukolola chipatso chaminga chonga vwende chotchedwa nara, chimene mizu yake imatsika pansi kwambiri kufunafuna madzi.

Malo amene anatigwira mtima koposa ndi Sossusvlei. Polowera pake pamatchedwa Sesriem, kutanthauza zingwe zisanu ndi chimodzi za chikopa, chifukwa apaulendo akale ankalumikiza zingwe zotero kuti chidebe chifike pamadzi m'phompho la pamenepo. Kuchokera apo msewu umayenda makilomita pafupifupi 60 pakati pa mapiri a mchenga wofiira, ena otalika mamita oposa 300. Kufiirako ndi dzimbiri la chitsulo chimene chili mumchengamo. Dzuwa likamatuluka, mbali imodzi ya phiri imayaka ngati khala la moto, ina ili bii. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika nyanja ya mchengayi m'gulu la malo ofunika kusungidwa pa dziko lonse.

Pakati pa mapiriwo pali dambo louma la dothi loyera lotchedwa Deadvlei. Kale mtsinje wa Tsauchab unkafika pamenepo, ndipo mitengo ya mtundu wa mthethe inamera. Kenaka mchenga unatseka njira ya madzi, mitengo n'kufa. Papita zaka mazana angapo, koma idakali chiimire, yakuda ngati makala, chifukwa kulibe chinyezi choti iwole. Kumeneko kulibe kulira kwa mbalame, kulibe tambala, kulibe mtondo wosinja. Usiku nyenyezi zinachuluka mpaka kutsikira m'mphepete mwa dziko, ndipo mmodzi wa akulu a mpingo amene tinali nawo anavula chipewa osanena kanthu. Tonse tinamva kuchepa kwathu pamaso pa Mlengi, amene amasamalira malo aakulu chotere popanda munthu wolima kapena wothirira.

Abale, sitinalembe izi kuti tingokusangalatsani ndi za kutali. Mu 2024 chilala chinakantha Zambia, Malawi, Zimbabwe, Namibia ndi chigawo chapakati cha dziko lathu, ndipo m'mipingo yathu ina nkhokwe zinatha msanga. Buku la Eksodo, mutu 16, limatiuza kuti mana ankapezeka m'mawa mame akakamuka, ndipo aliyense ankatola za tsiku limenelo. Kachikumbu ka ku Namib kamakhala moyo mwa njira yofanana, ndi dontho la m'mawa uliwonse. Wokhulupirira amene ali m'nyengo youma asaleke kudzuka kukalandira chochepa chimene Mulungu wamuikira lero.

Koma mitengo ya ku Deadvlei ikutichenjezanso. Inafa chifukwa njira ya madzi inatsekeka. Kwathu kuno mitsinje ina imene makolo athu ankasambamo chaka chonse masiku ano imaphwa mvula ikangosiya, pamene matumba a makala andanda m'mphepete mwa msewu wa ku Zóbuè. Kumeneko mchenga unabwera ndi mphepo. Kuno tikuuitana ndi nkhwangwa zathu. Choncho tikupempha mabungwe a amayi, a abambo ndi a achinyamata kuti mvula ikubwerayi mpingo uliwonse udzale mitengo pabwalo la tchalitchi ndi m'mbali mwa mtsinje wapafupi, ndipo asankhidwe anthu oisamalira kufikira itakula. Ambuye akudalitseni nonse.