Phada, Dothi ndi Zilapi m'Kalasi Yoyamba

Ife amene timakonzekeretsa aphunzitsi a maphunziro a zilankhulo ziwiri timayendera makalasi ambiri, ndipo pali chinthu chimene chimatidetsa nkhawa kuposa kusowa kwa mabuku. Ndi kalasi imene mphunzitsi akulankhula Chinyanja chomveka bwino, koma ana akungobwereza mawu ake onse pamodzi monga zinalili kale. Iye akati "ba, be, bi," ana onse amayankha ndi liwu limodzi, kenaka zii. Chilankhulo chasintha, koma kaphunzitsidwe kakadali komwe kaja. Dziko lathu silinayese ntchito ya PEBIMO ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, n'kudzatsegula makalasi a zilankhulo ziwiri mu 2003, kuti mwana wa ku Angónia azingoloweza m'Chinyanja zimene makolo ake ankaloweza m'Chipwitikizi. Tinkafuna mwana wotha kufunsa, kufotokoza ndi kupeka zake.

Mwana wa zaka 6 salowa m'kalasi yoyamba chimanjamanja. Ngakhale amene sanapondeko ku escolinha waphunzira kale zambiri pabwalo la kwawo. Taonani atsikana akuchita phada. Amakumba kadzenje n'kuikamo timiyala. Wina amaponya mwala m'mwamba, n'kukokera timiyala kunja asanauwakhe; akauponyanso amatibwezera m'dzenje, kusiyako kamodzi. Uku n'kuchotsera ndithu, kungoti sikunalembedwe. Ntchito ya mphunzitsi ndi kunjuta pambali ndi kufunsa: "Munali tingati? Watenga tingati? Tatsala tingati?" Yankho lilembedwe ndi chala padothi pomwepo, lisanafike pabolodi. Anyamata nawonso achite, ngakhale ayambe ndi kunyinyirika kuti phada ndi wa atsikana.

Pamenepa chilankhulo chathu chili ndi mphatso imene aphunzitsi ena amaitaya. M'Chinyanja, dzina la nambala 7 ndi samu kale: zisanu ndi ziwiri. Mwana amene watambasula dzanja lonse ndi zala ziwiri za dzanja linalo akuona ndi maso zimene pakamwa pake pakunena. Liwu lakuti sete silimuuza zimenezi. Tikudziwa kuti pamsika mitengo ya zinthu imatchulidwa kawirikawiri m'Chipwitikizi, ndiponso kuti manambala a Chinyanja amatalika tikamakwera. Komabe pa khumi loyamba ndi lachiwiri, kutalikako ndi kumene kumaphunzitsa. Manambala a Chipwitikizi ali ndi nthawi yake m'phunziro la kulankhula Chipwitikizi, ndipo kumeneko kamsika kongoyerekezera, ka nyemba ndi zitsononkho, kamagwira ntchito bwino.

Makutu nawo amafuna masewera. Mwana agwire nthenga pafupi ndi milomo, anene "pala," kenaka "phala." Nthenga ikagwedezeka kwambiri pa liwu lachiwiri, mwanayo wapeza yekha ntchito ya chilembo h. Ana a kwa Angoni sadzaiwala kachizindikiro ka m'mawu akuti ng'oma ngati tsiku lina anaimba ng'oma pomva liwulo, n'kuvina pomva lakuti ngoma. Ndipo manja amene amaumba ng'ombe zadothi kudambo angathe kuumbanso a, o ndi u. Chilembo chimene mwana wachiumba, n'kuchiyanika padzuwa, amachizindikira akachipeza m'buku.

Nthano ndi zilapi timazikonda tonse, koma timazigwiritsa ntchito moperewera. Mphunzitsi amakamba, ana amavomereza kuti ali tonse, nthano n'kutha. Yesani kuima pakati, pamene Kalulu wapanikizika, n'kufunsa kuti achite bwanji. Mayankho adzabwera osiyanasiyana, ena opanda mutu, ndipo onse amvedwe. Pa zilapi, ana asamangomasulira zakale. Apeke zawo za zinthu za m'kalasi. Mwana amene anganene kuti ali ndi kamng'ono kake koyera kamene kamafupika kakamagwira ntchito, potanthauza choko, wayang'anitsitsa, wafanizira, wasankha mawu. Palibe mayeso a kalasi yoyamba amene angatiuze zambiri za nzeru zake kuposa pamenepo. Gawo la currículo local, limene linapatsidwa 20 pa 100 ya nthawi yophunzira, limatilola kuitana agogo a m'mudzi kudzakamba nthano zimene ife sitizidziwa.

Zimenezi zili ndi mtengo wake, ndipo inu aphunzitsi a mawa muudziwiretu. Kalasi yosewera imasokosera, ndipo mkulu wa sukulu wodutsa pakhonde angaganize kuti ana akulakani. Kholo lingabwere n'kunena kuti linatumiza mwana kudzaphunzira Chipwitikizi, chifukwa phada ali kale kunyumba. Kholo lotere musalipeputse. Likudziwa kuti mayeso a m'tsogolo ndi ntchito zolembedwa zimafuna Chipwitikizi, ndipo silikunama. Lipatseni mpando, liitanireni mwana wake, awerenge pamaso pake mawu amene waumba ndi samu imene walemba. Mukatero lifotokozereni kuti Chipwitikizi akuchiphunzira kale pakamwa, ndi kuti wodziwa kuwerenga m'chilankhulo chake sayambanso pachiyambi akafika pa chilankhulo chachiwiri.

Koma kholo lija limakhala litalondola pamene masewera alibe cholinga. Ana kuwatulutsa panja kuti adumphe chingwe pamene mphunzitsi wakhala pamthunzi ndi foni si luso la kaphunzitsidwe. N'chifukwa chake pa maphunziro oyeserera timapempha aliyense wa inu kubwera ndi kathumba ka timiyala kapena mbulumwa ya dothi, pamodzi ndi pepala limene walembapo zinthu zitatu: chimene ana adzadziwe masewera akatha, funso limene adzawafunse ali mkati mosewera, ndi mmene adzagawire ana ochuluka m'timagulu kuti wamanyazi wokhala kumbuyo nayenso agwire mwala.