Kuchotsa Chimene Wina Anawotcherera

Anthu amatama mmisiri wolumikiza zitsulo, koma wochotsa chimene mnzake anawotcherera kale palibe amamutchula. Chonsecho ntchito yachiŵiriyi ndiyo yovuta. Ine ndinaiphunzira kwa malume anga ku Ndirande, kumene ndimapita pa tchuthi kukagwira nawo ntchito kuti ndipeze ya sopo.

Njinga zamoto za kabaza zimafika pamalopo zitasenza mbiri ya eni ake. Wina anawotchererapo tizitsulo tomangirapo matumba a makala, wina anatalikitsa kaliyala kuti pazikwana makileti. Tsono mwini watsopano amafuna zonsezo zichoke lero lomwe, pakuti njinga ikagona tsiku limodzi ana agona ndi njala.

Malume sayamba ndi chitsulo ai. Amayamba achotsa thanki nakaiika kutali kuseri kwa nyumba, amasula batire, akhutula petulo wotsalira, naphimba mawaya ndi chisaka chonyoŵa. Thanki yopanda kanthu amaiopa koposa yodzaza, chifukwa mpweya wa petulo wotsalira m'katimo ndiwo umaphulika mbaliwali ikaugwera. Kenaka amafunsa kachitsuloko ntchito yake. Ngati kamagwira injini kapena kamalimbitsa pokumanira mapaipi, amakana ndithu, ngakhale mwini wake awonjezere ndalama.

Chimene ambiri sadziŵa ndi ichi: felemu ya njinga ndi paipi yamphako, ndipo khungu lake kaŵirikaŵiri silipitirira mamilimita 2. Kachitsulo kowotchererako nthaŵi zambiri n'kochindikala kuposa paipiyo. Ukakamenya ndi nyundo ndi tchizulo, chimene chimang'ambika ndi felemu. Ukakadula ndi moto wa gasi, kutentha kumafooketsa paipi kapena kuiboola kumene. Choncho malume amadula kachitsuloko patali pang'ono ndi paipi, nasiya chitsa. Kachitsulo amakataya dala kuti apulumutse felemu.

Chitsacho ndicho chimadya nthaŵi. Mwala wa galayinda umazungulira koposa maulendo 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo sudziŵa kusiyanitsa chowotcherera ndi njinga. Malume amavala magalasi, saloleza kuchotsa chitetezo cha mwalawo, ndipo amapala pang'onopang'ono, akupuma kuti chitsulo chizizire. Chikayamba kubiriŵira, ndiye kuti chatentha mopitirira. Patatsala pang'ono amazimitsa makina, nandipatsa tupa. "Mphwanga, apa m'pa manja tsopano," amatero. Ndimapala mpaka chala chikamadutsapo chisamve phiri kapena dzenje. Tikatha amaunika ndi tochi kufuna ming'alu, napaka penti kuti dzimbiri lisaloŵe.

Kangapo ndaona eni njinga akukwiya ndi kuchedwaku, napita kwa ena amene amamaliza madzi a tiyi asanaŵire. Sindiwadzudzula, umphaŵi sudikira. Koma mmisiri wachangu uja akapyoza paipi, amathirapo penti wakuda, ndipo penti amabisa zonse. Paipi yopyapyalayo siithyoka tsiku lomwelo. Imapindika pang'ono pa dzenje lililonse la mumsewu, mng'alu numakula mwakachetechete kwa miyezi, kufikira tsiku limene njingayo idzanyamula mayi wobereka mwana potsetsereka.

Inu ndi ine timakwera njinga zimenezi tikamathamangira ku kalasi. Timanenerera mtengo ndi woyendetsa, timayang'ana ngati ali ndi chipewa, koma moyo wathu tauika m'manja mwa mmisiri amene sitidzamuona, amene anasankha yekha, popanda womuyang'anira, pakati pa galayinda ndi tupa.