Malo Oyamba pa Google Sagula ndi Ndalama

Ntchito yanga ndi yokonza mawebusaiti a mabizinesi ang'onoang'ono ndi kuwathandiza kuti azioneka munthu akafufuza pa Google. Ndimagwirira pa Kasungu Boma, ndipo makasitomala anga ndi anthu amene mumakumana nawo tsiku ndi tsiku: ogulitsa mbewu ndi feteleza, eni malo ogona alendo m'mbali mwa msewu wa M1, eni malole onyamula fodya kupita ku Chinkhoma, owotcherera ngolo ndi mafelemu a zitseko, komanso masukulu angapo omwe si aboma. Anzanga a m'mizinda ntchitoyi amaitchula kuti SEO. Ine kasitomala ndimangomuuza kuti kuli munthu ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, foni ili m'manja, akufuna chimene inu muli nacho. Ntchito yanga ndi yakuti akupezeni inuyo, ndipo akakupezani akuimbireni.

Chaka changa chimayenda ndi fodya. Miyezi ya dzinja, pamene ndalama yonse yalowa m'munda ndipo anthu ali kalikiliki kuthyola ndi kusoka masamba m'zigafa, palibe amene amakumbuka za webusaiti. Msika ukatsegulidwa cha mu Epulo ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, ndalama imayamba kuzungulira. Mlimi wagula malata, wa hadiweya wapeza pogwira, wa malo ogona zipinda zadzaza, ndipo foni yanga imayamba kulira. Koma akamberembere a pa intaneti nawonso kalendala yathuyi amaidziwa. Miyezi yomweyi ndi imene mauthenga olonjeza zakumwamba amachuluka m'mafoni a anthu anga. N'chifukwa chake theka la ntchito yanga ndi kumanga, theka linalo ndi kuchenjeza.

Choyamba chimene ndimafotokozera munthu ndi mmene Google imagwirira ntchito, chifukwa wosadziwa ndi amene amapusitsidwa msanga. Google ili ndi pulogalamu yotchedwa Googlebot, imene imayenda pa intaneti usana ndi usiku kutsata malinki, kuchoka patsamba lina kupita pa lina. Chimene yawerenga imachisunga m'kaundula wake wamkulu. Munthu akalemba funso, Google imapita m'kaundulamo kukasankha masamba amene akuyankha funsolo bwino. Ngati funso lili la malo, monga kumene angagule simenti ku Kasungu, imayang'ana zinthu zitatu: ngati bizinesi ikugwirizana ndi chimene wafunsa, ngati ili pafupi ndi iye, ndiponso ngati ndi yodziwika kwa anthu. Zimene zimaoneka pamwamba penipeni zitalembedwa kuti Sponsored ndi malonda olipira, ndipo ukasiya kulipira amazimiririka tsiku lomwelo. Malo enawo alibe mtengo. Google yenionso imanena poyera kuti palibe munthu amene angakutsimikizireni malo oyamba.

Ndikalandira ntchito, kompyuta ndimaisiya kunyumba. Ndimatenga kope ndi cholembera, n'kukakhala pa benchi m'sitolo ya kasitomala kumvetsera mmene ogula akufunsira katundu. Mayi wina wogulitsa zipangizo zaulimi ankafuna kuti tsamba lake liyambe ndi mawu akuluakulu a Chingerezi onena za masomphenya ndi cholinga cha kampani. Ndinawapempha kuti tikhale kaye mmawa wonse timve anthu. Wina analowa n'kufunsa Urea. Wina mbewu ya soya. Wina mankhwala a anankafumbwe. Bambo wina wochokera ku Santhe ankafuna twaini ndi ziguduli zomangira mabelo, ndipo anafunsa ngati Lamlungu amatsegula.

Ndinati, "Mayi, mwamva? Zimene akufunsa pakauntala pano ndi zomwezo zimene akulemba pa foni. Masomphenya aja safufuza munthu."

Anaseka nati, "Ndiye lembani zimenezo, achimwene, koma mitengo musaike. Ikusintha ngati mphepo."

Ananena zoona. Tinagwirizana kuti m'malo mwa mitengo tiike batani la WhatsApp lakuti munthu akangodina, uthenga ufike m'foni mwawo. Mutu wa tsamba tinaulemba mwachidule, wosapitirira kwambiri zilembo 60 kuti Google isaudule: dzina la sitolo, zimene amagulitsa, ndi mawu akuti Kasungu. Katundu wamkulu aliyense tinamupatsa tsamba lakelake, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chifukwa anthu athu pofufuza amasakaniza zinenero ziwirizi, ndipo wogula wa bungwe amene ali ku ofesi ku Lilongwe amalemba m'Chingerezi.

Chachiwiri chimene ndimasamala ndi kupepuka kwa tsamba. Pafupifupi aliyense amene adzatsegule webusaiti ya bizinesi ya kuno adzaitsegula pa foni, pa bandulo ya Airtel kapena TNM imene akuiwerengera, mwina ali ku Chamama kapena ku Chulu kumene netiweki imabwera ndi kupita. Google nayonso masiku ano imaweruza tsamba potengera mmene likuonekera pa foni. Chithunzi chimodzi chochokera m'foni yamakono chimatha kulemera 4 MB. Ndimachichepetsa mpaka chifike pansi pa 200 KB, maso osaona kusiyana. Makanema odziyambitsa okha ndi zithunzi zovinavina ndimachotsa. Ndikamaliza ndimayesa tsambalo pa foni yakale yotchipa imene ndimaisungira ntchito imeneyi, nditatuluka kunja kwa tauni. Likachedwa kutseguka kumeneko, ndiye kuti ntchito sinathe. Ndimaonetsetsanso kuti adiresi ikuyamba ndi https, chifukwa kuyambira 2018 Chrome imalemba chenjezo pa masamba opanda chitetezo chimenechi. Satifiketi yake imapezeka mwaulere ku Let's Encrypt, choncho wina akakulipiritsani ndalama zambiri pa chimenechi, mufunseni chifukwa chake.

Chachitatu, chimene kwa ambiri chimaposa webusaiti yeniyeniyo, ndi Google Business Profile, imene mpaka 2021 inkatchedwa Google My Business. Ndi kabokosi kaja kamene kamaonetsa dzina la bizinesi, nambala ya foni, maola otsegulira ndi malo pa mapu. N'kaulere. Kuno kwathu kumene misewu yambiri ilibe zikwangwani ndipo timalondolerana kuti mukafika pa depoti mukhote kumanja, kadontho ka pa mapu kamafunika kukhala pamalo ake enieni. Ndimapita ndekha kukaima pakhomo pa sitolo, foni m'manja, n'kukaika pomwepo. Mlendo wochokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, amene akupita kukaona njovu ku Kasungu National Park kapena kukaona mwana ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, amasankha kogona ali m'galimoto. Kadontho kakamusocheretsa usiku, amakagona kwa mnzanu. Dzina, nambala ndi malo ziyeneranso kulembedwa chimodzimodzi paliponse: pa webusaiti, pa Facebook, pa mapu ndi pa chikwangwani. Ndipo wogula akakhutira, mumupemphe mwaulemu kuti alembe ndemanga yake. Ndemanga zisanu za anthu enieni zimagwira ntchito kuposa makumi asanu zolembetsa abale, zimene Google imaletsa ndipo ikazizindikira imazichotsa.

Mlimi wa fodya ndi amene amamva msanga chifukwa chimene ndimakanira njira zachidule. Aliyense kuno amadziwa za munthu amene amaika masamba abwino kunja kwa belo, mkati n'kubisamo zinyenyeswa kapena fodya wonyowa kuti sikelo ikwere. Pa okushoni belo amalitsegula, wogula n'kusolola masamba a m'kati. Chinyengo chikaoneka, belo limabwezedwa, ndalama ya thiransipoti yapita, ndipo dzina la mlimi laipa. Webusaiti imayendanso momwemo. Pali anthu amene amadzaza tsamba ndi mawu amodzimodzi kambirimbiri, kapena kuwabisa powalemba ndi mtundu wofanana ndi wa tsambalo, kapena kugula malinki mazanamazana kuchokera ku masamba achabechabe a kutsidya kwa nyanja. Kale zinkagwira ntchito. Koma mu 2012 Google inabweretsa kusintha kotchedwa Penguin kolimbana ndi malinki ogulawa, ndipo kuyambira pamenepo belo imalitsegula. Linki imene ili ndi phindu ndi yochokera kwa amene akukudziwanidi: kampani imene imakupatsani katundu, kalabu kapena kopaletivu imene mumagwira nayo ntchito, nyuzipepala imene yalemba za inu.

Tsopano za akuba. Woyamba ndi wolonjeza. Amatumiza imelo kapena uthenga wa pa WhatsApp wakuti wapeza zolakwika zambiri pa webusaiti yanu, ndipo mukamulipira adzakuikani pa malo oyamba sabata imodzi. Uthenga umenewo watumizidwa kwa anthu zikwizikwi, ndipo tsamba lanu sanalitsegule n'komwe. Ena amakuonetsanidi muli pamwamba, koma pa dzina lenileni la sitolo yanu, pamene mukanakhalapo ngakhale popanda iwo.

Wachiwiri ndi woimba foni amene amati ndi wa ku Google, ndipo mukapanda kulipira lero bizinesi yanu ichotsedwa pa mapu. Google silipiritsa kukhala pa mapu. Nthawi zina woimbayo safuna ndalama, amangopempha kuti mumuwerengere manambala amene angofika pa foni yanu. Manambala amenewo ndi kiyi wa akaunti yanu. Mukamupatsa, amasintha nambala ya foni pa bizinesi yanu n'kuikapo yake.

Wachitatu ndi wa kalata yoopseza yakuti dzina la webusaiti yanu likutha mawa, lipirani pa linki iyi. Dzina la webusaiti limalipiridwadi chaka ndi chaka, koma kumene munalilembetsa kokha. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, pamene othera ndi .com nthawi zambiri amalembetsedwa ku makampani akunja ndipo amalipiridwa m'madola. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imeneyi inakweradi, ndipo akuba anapezerapo mwayi wotumiza mabilu abodza kwa anthu amene ankayembekezera kale kuti zinthu zakwera.

Wachinayi amandipweteka kwambiri mumtima chifukwa ndi wa ntchito ngati yanga. Amakonza webusaiti bwinobwino, koma dzina la webusaitiyo amalilembetsa pa imelo yake, mapasiwedi onse n'kusunga yekha. Bambo wina wa malole anabwera kwa ine atakhumudwa. Adiresi ya webusaiti inali italembedwa ndi penti pa zitseko za malole ake ndi pa malisiti, koma mnyamata amene anaikonza anali atapita ku Johannesburg, ndipo ankafuna ndalama yochuluka kuti apereke pasiwedi. Pa mapepala onse mwini wake anali mnyamatayo. Tinachita kuyamba ndi dzina latsopano ndi kupentanso zitseko.

Wachisanu saba kwa inu koma m'dzina lanu. Amatenga zithunzi za sitolo kapena malo anu ogona, n'kutsegula tsamba la Facebook lofanana ndi lanu, kenako n'kumauza anthu kuti atumize dipoziti pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Munthu amafika pakhomo panu ndi uthenga wosonyeza kuti analipira, inu musakudziwa kanthu. Pofuna kupewa zimenezi, ndimalemba pa webusaiti nambala imodzi yokha yolipirira pamodzi ndi dzina limene lioneke munthu asanatsimikize kutumiza. Zikachitika, sungani zithunzi za mauthenga, dziwitsani kampani ya foni ndi Facebook, ndipo pitani ku polisi. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo MACRA imalandira madandaulo okhudza mafoni ndi intaneti. Manyazi ndi amene amateteza akubawa, chifukwa woberedwa akangokhala chete, mawa akubawo amabera mnansi wake.

Pa tsiku lopereka ntchito ndimakhala pansi ndi mwini bizinesi, osati wantchito wake. Timatsegula imelo ya bizinesi pa foni yake, ndi nambala yolembetsedwa pa chiphaso chake cha unzika. Dzina la webusaiti, malo osungira webusaitiyo ndi mbiri ya pa Google zonse zimakhala m'dzina lake, ine ndimangoonjezeredwa ngati wothandiza amene angachotsedwe nthawi iliyonse. Ndimamuonetsa Google Search Console, chida chaulere chimene chimasonyeza mawu amene anthu analemba kuti amupeze ndi kuchuluka kwa amene anadina. Ndimamuphunzitsanso kulemba site: kutsogolo kwa adiresi yake mu Google kuti aone yekha masamba amene alowa m'kaundula. Kenako ndimamuuza zoona zake: zotsatira zimatenga miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofuna makasitomala pa msika wa Epulo ayambe kukonza tsamba lake pamene nazale ikufesedwa.

Ntchito imeneyi ndimaikonda chifukwa Kasungu akusintha. Pambali pa fodya, alimi akulima soya, mtedza ndi mpendadzuwa, ndipo mbewu zimenezi zilibe okushoni imodzi imene wogula ndi wogulitsa amakumanirana. Kopaletivu ya ku Nkhamenya kapena ku Chatoloma imene wogula wa ku Lilongwe angaipeze yekha pa foni ili ndi mphamvu yokambirana mtengo kuposa imene ikudikira venda wa sikelo pamsewu. Mwayi umenewu usathere m'manja mwa anthu olonjeza zosatheka. Aliyense amene angabwere kwa inu ndi nkhani ya webusaiti, kaya ndi wa ku tauni kaya ndi ine amene, mufunseni mafunso atatu ndalama isanatuluke m'thumba: dzina la webusaiti lidzalembetsedwa mwa ndani, mwezi uliwonse adzachita chiyani chimene mungachione ndi maso anu, ndipo ndi mabizinesi ati amene anawagwirira ntchito kale oti mungawaimbire foni lero. Mmisiri woona amayankha onse atatu mosajejema.