Ziweto za m'Diramu

Pakati pa ziweto zimene anthu amasunga m'makomboni a mu Lusaka, monga nkhuku, abakha ndi akalulu, pali cimodzi cimene ambiri saciwerengera, ndico nyongolotsi. Komabe ku Kanyama kuli mkulu wina, mlonda wa usiku pa sitolo ya m'tauni, amene banja lake limadya nsomba cifukwa ca tizilombo timeneti. Mkuluyu kwao ndi ku Petauke, ndipo kuwedza anaphunzirira pa mtsinje wa Luangwa ali mnyamata. Tsiku lopuma nchito amakwera basi kunka ku mtsinje wa Kafue, mtunda wa makilomita oposa 40 kumwera kwa mzinda, nabwerako ndi milamba ndi nsomba zina. Zina amadya, zina mkazi wake amagulitsa pakhomo.

Bvuto la munthu wowedza ndi mbedza ndilo nyambo. Mvula ikayamba m'mwezi wa November nyongolotsi zimatuluka zokha, ndipo ngakhale mwana akhoza kudzaza citini. Koma posakhalitsa Boma limatseka usodzi, kuyambira pa 1 December kufikira kumapeto kwa February, kuti nsomba ziswane. Potsegulanso, mvula imakhala ili pafupi kutha, ndipo pofika mu August nthaka yauma gwa, nyongolotsi zabisala. Ku Kanyama thanthwe lili pafupi, dothi n'locepa, kotero kuti anyamata ofuna nyambo amakakumba m'matope a pafupi ndi zimbudzi. Malo otere ndi oopsa, makamaka ku komboni imene inabvutika kwambiri ndi nthenda ya kolera mu 2017 ndi 2018. Poona izi mkulu uja anaganiza zosunga nyambo pa nthawi imene icuruka, kuti aigwiritse nchito pa nthawi imene isowa.

Anadula diramu pakati, naboola pansi pake timabowo kuti madzi azituluka. M'katimo anaikamo ndowe zouma za ng'ombe, masamba ofota, mapepala onyowetsa ndi dothi pang'ono. Nyongolotsi anasankha zing'onozing'ono zofiira za pa dzala la manyowa, pakuti zikuluzikulu za ku dambo zimafuna kukumba mozama ndipo siziswana bwino m'malo opanikizika. Diramuyo anaiika pa mthunzi wa mtengo wa mango, pamwamba pa njerwa, cifukwa madzi amasefukira ku Kanyama m'dzinja. Pamwamba anapfundikapo saka yonyowa ndi lata, kuletsa nkhuku ndi makoswe. Cakudya cake cinali gaga wocepa, makoko a nthoci ndi a mbatata, ndi masamba a tiyi otsala m'ketulo.

Caka cina panyumbapo panafika mwana wa mlongo wake, amene anali atatsiriza Gredi 12 kumudzi, kudzafuna nchito ya mu ofesi. Miyezi inapita, makalata ake osayankhidwa. Pomuona ali khale, amalume ake anampatsa nchito yosamala diramu ija. Mnyamatayo anabvomera ndi pakamwa pokha. Mumtima anati, kodi munthu wa setifiketi n'kumaweta nyongolotsi? Anzake akamadutsa, iye ankayerekeza ngati akusesa pabwalo.

M'mwezi wa September kunagwa maliro ku Petauke, ndipo mkuluyo ndi mkazi wake anakhalako masabata awiri. Mnyamata anaiwala zothirira. Atakumbukira anapeza saka yauma, koma pocita ulesi kukatunga madzi ku mpopi, anakhuthuliramo madzi otsukira mbale, okhala ndi sopo, mcere ndi mafuta a ndiwo. Pamene amalume ake anabwera nabvundukula lata, kunatuluka pfungo lonyansa.

"Kodi iwe mwana wa mlongo wanga, wathiramo ciani umu?" anafunsa motero.

"Madzi, amalume."

"Madzi a kuti?"

Mnyamata anangoti zyoli, naulula. Amalume ake sanakalipe, koma anati, "Ukuona khungu lakeli? Nyongolotsi ilibe mphuno. Imapuma ndi khungu, ndipo khungulo likauma kapena likakhudza mcere, yafa. Madzi ake ndi oyera, ndiponso ocepa: ukafinya dothi m'dzanja pazituluka dontho limodzi kapena awiri basi. Tsono pita ukauze azakhali ako kuti mwezi uno kulibe nsomba."

Mau otsirizawo ndiwo anamlasa mtima. Mwezi wonse wa October banja linadya nsima ndi masamba okha, ndipo ndalama zogulira makala ndi sopo, zimene zinkacokera ku nsomba, zinasowa. Panalibe amene anamnena, koma iye ankaona mbale ya ndiwo madzulo ali onse, nadziwa mwini mlandu.

Tsiku lina amalume ake anamuitana, nayala dothi la m'diramu pa saka. Ca m'mbali, kumene madzi oipa aja sanafike, munali tinthu tating'ono tacikasu, tonga njere za mapira. "Awa ndi mazira," anatero. "Mbeu siinathe." Anamfotokozeranso kuti nyongolotsi ili yonse ndi yaimuna ndi yaikazi pamodzi, ngakhale kuti ziwiri zimayenera kukomana kuti ziswane, ndi kuti kuidula pakati sikupanga nyongolotsi ziwiri monga amanenera ana. Apo mnyamata anakumbukira dzina la Charles Darwin, limene analimva ku sukulu. Munthu wophunzira kwambiriyu anakhala zaka zambiri akuyang'anitsitsa nyongolotsi, ndipo mu 1881, caka cimodzi asanafe, anasindikiza buku lonena za nchito yao yotembenuza nthaka. Ngati iye sanacite nazo manyazi, wa Gredi 12 angacite manyazi bwanji?

Anatsuka diramu, naikamo ndowe zina zouma, natola mazira aja limodzilimodzi. Mvula itagwa anaonjezamo nyongolotsi zina za pa dzala. M'miyezi itatu ya ciletso ca Boma sanaphonye tsiku: ankayesa cinyezi ndi dzanja, ankakwirira cakudya ku mbali imodzi kuti cisaitane nchenche, ndipo nyerere zitayamba kukwera, anaika njerwa zija m'mbale za madzi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika mu March, munthu akapisamo dzanja ankatapa nyongolotsi zodzaza cikhato.

Loweruka loyamba la mweziwo anapita awiri ku Kafue, mnyamata atanyamula citini cokulunga m'nsanza yonyowa. Asodzi ena, poona nyambo yonenepa, anapempha kugulako, ndipo amalume ake anati, "Funsani mwini wakeyu." Lero anthu a ku Chawama ndi a ku George amabwera kudzagula kwa iye m'cilimwe, ndipo dothi lakuda limene nyongolotsi zimasiya amathira m'dimba la repu kuseri kwa nyumba.

Makalata ofunsira nchito akali kulemba, ndipo kutero n'koyenera. Koma m'mawa uli wonse, asanagwire colembera, amayamba wabvundukula lata ndi kufinya dothi m'dzanja. Inu amene mwatsiriza sukulu ndipo mukudikira yankho, yang'anani panyumba pamene mukudyapo nsima: kapena pali diramu yotere imene ikusowa woisamala.