Masika Ndi Sukulu ya Ana

Kwathu masika amafika mu Epulo ndi Meyi, mvula ikatha. Nthawi imeneyi banja lonse limapita kumunda, ngakhale ana aang'ono. Ine ntchito yanga yoyamba inali yokunkha chimanga chotsalira m'mapesi. Lero ang'ono anga ndiwo amakunkha, alongo anga nkumathothola mtedza. Madzulo timawotcha mbatata paphulusa, agogo akutifotokozera nthano, ana akupanga galimoto za mapesi.

Kuno kusukulu yogonera ndikaona nsima yotayidwa, mtima umandipweteka, chifukwa kumunda kuja ndinaphunzira kuti chakudya chimachokera m'thukuta. Makolo, musasiye ana pakhomo poopa kuti akuchedwetsani. Apatseni kadengu kawo. Mwana amene wakunkhapo ndi manja ake saseweretsa chakudya.