KU BURLINGTON, KUMENE ENI MSONKHO AWERENGA APOLISI AO

Munthu wofika ku Burlington ayamba kuona madzi asanaone nyumba. Mzinda umenewu uli m'cigawo ca Vermont, kumpoto ca kum'mawa kwa dziko la America, ndipo unamangidwa pa citunda cotsetserekera ku nyanja ya Champlain. Mukaima pa gombe madzulo muona dzuwa lirikulowa kuseri kwa mapiri a Adirondack, tsidya lija la nyanja, kumene kuli cigawo cina ca New York. Malire a dziko la Canada ali pafupi, ulendo wa ola limodzi pa galimoto. Ngakhale kuti ndiwo mzinda waukulu koposa m'Vermont monse, pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu 44,743 cabe. Chipata wathu auposa kutali.

Cimene cinandikokera ku mzindawu si kukongola kwa nyanja ai, koma mkangano umene eni mzinda akhala nao kwa zaka zingapo pa nkhani ya apolisi ao. Ndanena kuti apolisi ao, pakuti kumeneko zinthu siziri monga kuno. Kwathu kuno apolisi ndi gulu limodzi m'dziko lonse: wa ku Lundazi ndi wa ku Livingstone avala yunifomu imodzi, amvera mkulu mmodzi wokhala ku Lusaka, ndipo malipiro ao acokera ku thumba la Boma. Ku America kuli magulu a apolisi pafupifupi 18,000. Pafupifupi mzinda uli wonse ulemba apolisi aceace, uwagulira magalimoto ndi mfuti, nuwalipira ndi ndalama zace, zimene zambiri zicokera ku msonkho wa nyumba ndi malo. Motero munthu amene ali ndi nyumba m'Burlington, akaona galimoto la polisi lirikudutsa, adziwa kuti mafuta ali m'menemo anagulako ndi iye.

Kucokera ku gombe ndinakwera citunda kufikira mseu wochedwa Church Street. Ndiwo mtima wa mzinda. Ciyambire 1981 mbali yaikulu ya mseuwu simuyenda magalimoto. Anayalamo njerwa, ndipo anthu angoyenda pansi pakati pa masitolo ndi nyumba zodyeramo. Kumapeto kwace kwa kumpoto kuli chalichi cakale ca njerwa cimene cinapatsa mseuwu dzina. Ca kummwera kuli nyumba ya Khonsolo, ndipo m'nyumba imeneyi ndimo muli thumba la apolisi.

Makhansala alipo 12, osankhidwa ndi anthu, ndipo Meya asankhidwa payekha kwa zaka zitatu. Caka ca ndalama ciyamba pa 1 Julaye. Meya ndi anchito ace alemba bajeti, kabungwe ka za ndalama kaipenda, kenaka makhansala aivomereza m'mwezi wa Juni. M'menemo alembamo ndalama za malipiro a apolisi, za maola oonjezera ndi za zipangizo. Mkulu wa apolisi asankhidwa ndi Meya, koma sakhazikika pa mpando makhansala asanabvomere. Misonkhano yao icitikira poyera, ndipo munthu wamba ali yense angathe kulembetsa dzina nalankhula kwa mphindi zowerengeka pamaso pa akulu a mzinda. Awerengi athu a kumudzi sadzadabwa nazo izi, pakuti ndimo ticitira pa bwalo la mfumu. Kusiyana kwace nkwakuti pa bwalo la ku Burlington akamba za madola mamiliyoni. Ca m'ma 2020 gawo la apolisi lokha linali pafupifupi madola 17 miliyoni pa caka.

Palinso bungwe lina la anthu asanu ndi awiri, locedwa kudziwika kwa alendo koma lakale mu mzindawu, limene pa Cizungu alicha Police Commission. Anthu ace si apolisi. Ndi nzika wamba zoikidwa ndi Khonsolo, zimene zisonkhana kukamva madandaulo, kuwerenga malipoti a nthawi zimene apolisi anagwiritsa nchito mphamvu pa munthu, ndi kupenda malamulo a kagwiridwe ka nchito. Koma apa mpamene pagona nkhani yonse. Malinga ndi lamulo lalikulu la mzinda, mphamvu ya kulanga kapena kucotsa nchito wapolisi wolakwa inaikidwa m'manja mwa mkulu wa apolisi. Bungwe lija linali la uphungu cabe. Anthu anagwira cingwe ca thumba molimba ndithu, koma ndodo inali ndi mwini khola.

Kwa zaka zambiri palibe amene anabvutika nazo kwenikweni, kufikira 2019. M'caka cimeneco kunaturuka zithunzi za kanema, zojambulidwa ndi makamera amene apolisi avala pa cifuwa, zoonetsa apolisi alikugwetsera pansi anyamata akuda usiku pakati pa mzinda. Anyamatawo anapita ku khoti. M'caka comweco bambo wina anamwalira patangopita masiku owerengeka atamenyedwa nkhonya ndi wapolisi panja pa cipatala, ndipo wapolisiyo sanaimbidwe mlandu. Ngati izi zinali zosakwana, m'Disembala mkulu wa apolisi, a Brandon del Pozo, anatula pansi udindo zitadziwika kuti anatsegula akaunti ya Twitter ya dzina lobisika kuti anyoze munthu amene anali kuwadzudzula. Waciwiri wao ataikidwa kugwirizira mpando, tsiku lomwelo anaulula kuti nayenso anali ndi akaunti yabodza pa Facebook. Kuyambira pamenepo mzinda unakhala wopanda mkulu wa apolisi wokhazikika kufikira Juni 2023, pamene makhansala anabvomereza a Jon Murad, amene anali atawakana mu 2022 mavoti atalingana, asanu ndi limodzi mbali iyi, asanu ndi limodzi mbali iyo.

Tsono pamene George Floyd anaphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis pa 25 Meyi 2020, mkwiyo wa dziko lonse unapeza nkhuni zouma kale m'Burlington. Inali nyengo yeniyeni yokambirana bajeti. Cifukwa ca mliri wa korona misonkhano inali kucitika pa intaneti, ndipo anthu mazanamazana analembetsa kuti alankhule, usiku ndi usiku, ambiri alikupempha cinthu cimodzi: kuti ndalama za apolisi zicepe, zipite ku nchito zothandiza anthu. Kumapeto kwa Juni makhansala anavota, asanu ndi anai kubvomera, atatu kukana, kuti ciwerengero cololedwa ca apolisi citsike ndi magawo 30 pa 100 alionse, kucoka pa 105 kufika pa 74. Sanacotse munthu nchito. Anangoti amene wapuma kapena wasiya, pamalo pace pasalowe wina. Meya wa nthawiyo, a Miro Weinberger, anacenjeza kuti kudula kotere popanda kuyamba kufufuza nkoopsa, koma mau ao sanapambane.

Kucokera ku Church Street ndinayenda ca kumpoto ca kumadzulo kufikira Battery Park, paki ya udzu ndi mitengo imene iri pamwamba pa phompho loyang'ana nyanja. Dzina lace licokera ku mizinga imene asilikari a America anaika pamenepa pa nkhondo yao ndi Angerezi. Mu 1813 zombo za Angerezi zinaombana ndi mizingayo. Lero pakhala mabenchi ndi ana osewera. Kungodumpha mseu, pa nambala 1 North Avenue, pali likulu la apolisi, nyumba yosadzionetsera konse. M'paki imeneyi, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti 2020, anyamata ndi atsikana anamanga mahema nagona pamenepo koposa mwezi wathunthu, madzulo ali onse kuguba kupita ku nyumba ya Khonsolo. Cimene anafuna cinali cakuti apolisi atatu, ochulidwa pa nkhani za 2019 zija, acotsedwe nchito.

Ndinakhala nthawi pa benchi pamenepo ndi kuganizira za cinthu cimeneci. Miyezi iwiri m'mbuyo mwace anthu omwewa anatha kucotsa malo a apolisi 31 usiku umodzi ndi voti. Koma kucotsa apolisi atatu odziwika ndi maina kunawakanika, ngakhale anagona pa mame masabata asanu. Akulu a mzinda anayankha kuti milandu ya atatuwo inaweruzidwa kale monga mwa lamulo ndi pangano la bungwe la anchito a polisi, ndipo kuibwereza kukanagwetsera mzinda m'khoti. Potsiriza mmodzi yekha anacoka, ndipo anacoka mwa pangano, mzinda utamlipira madola pafupifupi 300,000. Ndalama zimenezonso zinacokera kwa okhoma msonkho.

M'kuona kwanga, makhansala anagwira cida cimene cinali pafupi ndi dzanja, osati cimene cinayenera bala. Dandaulo la anthu linali pa khalidwe la apolisi ena ndi kusowa kwa cilango. Mankhwala amene anapereka anali a ciwerengero. Ndipo walira mvula walira matope. Apolisi anayamba kucoka msanga koposa mmene ali yense anayembekezera, ena kupuma, ena kukalowa nchito m'matauni oyandikana nao kumene anaona kuti afunidwa. Ocoka mwa njira imeneyi sasankhidwa. Acoka abwino ndi oipa omwe, ndipo kawirikawiri wabwino ndiye apeza nchito yina msanga. Posakhalitsa ciwerengero cinatsika kupyola pa 74 pamene anafuna, kufika pansi pa 70, pamene ena a iwo ayenera kulonda bwalo la ndeke la mzinda usana ndi usiku. Mu 2021 apolisi analengeza kuti sadzathamangira kuitana kuli konse: za moyo ndi ciwawa ziyamba, koma wobedwa njinga kapena wophwanyiridwa galasi la galimoto adikire, kapena alembe dandaulo lace pa intaneti. Nchito zatsopano zimene zinayenera kulowa m'malo, monga alonda osanyamula mfuti ndi alangizi othandiza odwala maganizo ndi osowa pogona, zinabwera ndithu, koma mocedwa, mpata utaoneka kale.

Pano ndiyenera kucita cilungamo. M'zaka zomwezo kuombana ndi mfuti kunaculuka m'mizinda yambiri ya America, ngakhale imene sinadule wapolisi ndi mmodzi yemwe. Mankhwala oopsa ozunguza bongo ochedwa fentanyl anafalikira ponseponse, nyumba zogonamo zinakwera mtengo, ndipo magulu a apolisi m'dziko lonse anasowa anthu ofuna nchitoyi. Amene anena kuti mabvuto onse a pa Church Street anabadwa usiku umodzi wa Juni 2020 anena mopyola. Koma eni masitolo ndi okalamba amene anaimba lamya osaona wobwera sanali kunama, ndipo iwonso ndi okhoma msonkho, iwonso adziwa njira ya ku nyumba ya Khonsolo.

Mzinda unalemba akatswiri a bungwe la CNA kuti afufuze gulu lonse la apolisi, cinthu cimene cikanayenera kuyamba. Lipoti lao la 2021 linapeza zolakwa zenizeni pa kafufuzidwe ka madandaulo ndi kayang'aniridwe ka apolisi, komanso linasonyeza kuti 74 anali ocepa. Mu Okutobala 2021 makhansala anakweza ciwerengero kufika pa 87, naika ndalama zokopera olowa nchito ndi zosungira otsala. Koma kulemba nambala pa pepala sikubala wapolisi. Munthu watsopano ayenera kupita ku sukulu ya apolisi ku Pittsford, kenaka kuyenda ndi mnzace wozolowera miyezi ingapo, kotero kuti papita pafupifupi caka asanayambe kuyenda yekha. Malo amene anatsekedwa ndi voti ya usiku umodzi anakhala osadzaza kwa zaka.

Nanga ndodo ija? M'Disembala 2020 makhansala anabvomereza kuti pakhale bungwe latsopano la anthu wamba, loima palokha, lokhala ndi mphamvu ya kufufuza, kulanga ndi kucotsa wapolisi, ngakhale mkulu yemwe. Meya anakana kusaina, ndipo makhansala sanakwane kugonjetsa kukana kwaceko. Ofuna bungwelo sanagwe mphwayi. Anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa maina kufikira nkhaniyo inaikidwa pa pepala la voti. Ku Vermont kuli mwambo wakale wakuti Laciwiri loyamba la Marichi, cipale cofewa cikali pansi, anthu a tauni iri yonse agamula okha za ndalama ndi malamulo a kwao. Pa tsiku limenelo mu 2023 anthu a Burlington anakana bungwelo, oposa 60 pa 100 alionse. Ambiri anaopa kuti apolisi otsalawo adzathawanso, ndipo ena sanakondwe kuti bungwe la mphamvu zotere lisakhale pansi pa munthu wosankhidwa ndi voti.

Kwathu kuno madandaulo otere apita ku bungwe limodzi la dziko lonse, Police Public Complaints Commission, limene liri m'malamulo akulu a dziko ciyambire 2016. Ku Burlington afuna kuti nkhani ithere pakhomo, pakati pa anthu odziwana nkhope, ndipo ncifukwa cace icedwa kutha. Mu 2024 anasankha Meya watsopano, mai Emma Mulvaney-Stanak, mkazi woyamba pa mpandowo. Mu Novembala caka comweco anthu anabvomereza njira ya pakati: bungwe lakale la asanu ndi awiri lija lipatsidwe mphamvu zoonjezera, kuti lithe kuitanitsa kufufuza kwapadera, ndipo likasemphana ndi mkulu wa apolisi pa cilango, nkhani ipite kwa anthu ena apadera akaigamule. Komabe ku Vermont lamulo lalikulu la mzinda silisintha ndi voti ya eni mzinda yokha. Liyenera kupita ku Nyumba ya Malamulo ya cigawo ku Montpelier, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, kuti aphungu a matauni ena alibvomereze.

Pobwerera ku Church Street madzulo ndinakumana ndi mlonda mmodzi wa aja osanyamula mfuti, alikuyenda pansi ndi wailesi yace pa phewa. Pa khomo la nyumba ya Khonsolo panali pepala lolengeza msonkhano wa Lolemba lotsatira, ndi malangizo a mmene munthu angalembetsere dzina kuti alankhule.