Agogo a ku Wenela

M'zaka za m'ma 1980 kunali kovuta kupeza mudzi ku Ntcheu wopanda bambo wachikulire amene anatsikako mumgodi wa golide ku Joni. Mlembi wa nkhani ino analeredwa ndi mmodzi mwa abambo amenewa, agogo ake obereka amayi. Pamudzipo anali mkamwini chabe, wolima munda wa kuchikazi, koma pabwalo mawu awo ankamveka, pakuti nyumba yoyamba ya malata anamanga ndi iwo.

Anapita kudzera ku Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Munthu ankapimidwa, n'kudinda chala pa pepala, n'kukwera ndege mpaka ku Francistown ku Botswana, kumene sitima ya pamtunda inkamutenga kupita ku Johannesburg. Gawo lina la malipiro ankalisunga, ndipo ankadzalandirira kuno kumudzi kontalakiti ikatha. Ndalama zimenezi ndi zimene zinkasanduka malata, njinga, wailesi ndi mabulangete. Amene sanabwerere, anthu ankangoti anatchona.

Agogowo sankakonda nthano za Kalulu, zimenezo ankasiyira akazi awo. Sukulu yawo inali pansi pa mtengo wa mango, njinga atayigadabuza. Mdzukulu anaphunzira kumata chubu asanadziwe kulemba kalata, ndipo sipanala ikasowa sankadya nsima mpaka ataipeza. Ankamudzutsa tambala woyamba akangolira. Ankamuwerengetsa chenji kawiri akachokera kugolosale, ndipo akakwiya ankakalipa m'Chifanakalo, chinenero cha kumgodi, chimene pamudzi ponse ankamva ndi anzawo a ku Wenela okha. Kunena zoona anali munthu wovuta. Koma mwana amene anakula akuona munthu akupukuta sipoko imodziimodzi sataya chinthu chifukwa chongothyoka.

Ulendo wawo womaliza unali chaka cha 1974 chisanafike. Mu Epulo chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, pa nthawi imene Amalawi oposa 100,000 anali m'migodimo. Ntchitoyi inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, imene kumudzi ankaitcha Theba, koma anthu anali ochepa, ndipo inatheratu cha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi anthu ofuna ntchito.

Njira ya ku Joni sinatsekeke. Lero adzukulu a agogo aja amakwera basi kudutsa ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, opanda kontalakiti, ambiri atangodindidwa masiku 30 m'pasipoti. Amasesa m'nyumba za anthu, kusamalira maluwa, kulondera kapena kugulitsa m'mashopu. Atsikana nawonso amapita, zimene kale zinali zosamveka. Ndalama imafika pa foni tsiku lomwelo, ndipo imathera ku feteleza ndi fizi. Mu 2008 ndi 2015, nzika zina za ku South Africa zitaukira alendo, boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake.

Sikuti kale kunali kokoma. Agogowo ankagona m'komponi ya amuna okhaokha, ankayenda ndi pasi, ndipo anabwera ndi chifuwa chimene chinawasowetsa tulo mpaka imfa yawo. Chipukuta misozi cha mabiliyoni 5 a marandi kwa anthu odwala chifukwa cha fumbi la m'migodi ya golide, khoti la ku South Africa linachivomereza mu 2019, iwo atagona kale kumanda. Kusiyana n'kwakuti wa ku Wenela ankadziwa mwezi wobwerera, ndipo ankadzakalambira pakati pa adzukulu ake. Asuweni a mlembi amene ali ku Cape Town amaopa kubwera, poti atha kukanizidwa kulowanso, ndipo ana awo akukula ndi agogo aakazi, bambo akumuona pa WhatsApp.